Makina osokera si bala: makhonsolo asiye kuika geni zonse za pakhomo m'thumba limodzi

Mumsewu umene ndimakhala muli nyumba 14. Tsiku lina madzulo, nditatsika minibasi, ndinayamba kuziwerenga imodziimodzi, ndipo ndinapeza kuti pa makomo 9 pali kanthu kolowetsa ndalama. Pakhomo loyamba anaboola kawindo pampanda, ndiye okala yathu imeneyo: sopo, machesi, mazira, shuga wa m'timapepala, mafuta ophikira a m'timachubu. Pakhomo lachitatu mbaula imayaka 4 koloko m'bandakucha kuti mandasi apse ana asanauyambe wa kusukulu. Kutsidya kwa msewu mtsikana amaluka anzake tsitsi pakhonde. Wina ali ndi khola la nkhuku kuseri, wina amakhala pansi pa ambulera ndi foni za Airtel Money ndi Mpamba, ndipo aphunzitsi ena opuma ntchito amathandiza ana a Sitandade 8 akaweruka. Koma pamapu a khonsolo, msewu wonsewu ndi malo ogona anthu basi.

Amene ndimawadziwa bwino ndi atelala, mayi amasiye a khomo loyandikana ndi langa. Makina awo ndi opalasa ndi phazi, ndipo amawaika pakhonde pafupi ndi chitseko kuti akamasoka azionanso poto pamoto. Sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa, chingwe cha pakhondepo chimadzaza mayunifolomu. Amasoka mpaka dzuwa kulowa, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Ana awo atatu aphunzira ndi makina amenewa. Chaka chatha kunabwera anthu awiri a ku ofesi ina, mafayilo m'manja. Anaima pageti n'kuloza kachikwangwani kolembedwa ndi penti. "Mayi, ichi muchotse lero. Kuno si kumsika." Iwo anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Pepani abwana, ndikasiya pano ana adya chiyani?" Chikwangwani chinachotsedwa, makina analowa kuchipinda, ndipo kwa milungu ingapo ankasoka mobisa mumdima, ngati munthu wotcheza kachasu.

Kumapeto kwa msewu womwewo kuli nyumba imene inasanduka bala. Poyamba inali golosale ya filiji imodzi. Kenako panabwera mipando, kenako tebulo la pulu, kenako masipika. Loweruka nyimbo zimalira mpaka tambala woyamba. Magalimoto amatseka njira, mabotolo osweka amadzaza ngalande, ndipo ana opita ku Sande sukulu amachita kulumpha mikodzo ndi masanzi m'mbali mwa mpanda. Tinalemba kalata, tinasaina ambiri. Bala ija ilipobe mpaka lero, ndipo anthu a mafayilo aja sindinawaonepo ataima pageti pake.

N'chifukwa chake ndikunena kuti funso limene takhala tikufunsa latisocheretsa. Timafunsa kuti, kodi dera ili ndi logona anthu kapena la malonda? Tikanamafunsa kuti, kodi geni iyi ikuwachita chiyani aneba? Kodi ikuwasowetsa tulo, ikuwafukizira utsi, ikuwatsekera njira, ikuwathirira madzi oipa pakhomo? Ngati sikuchita chilichonse mwa izi, khonsolo ilibe chifukwa choisautsira. Ngati ikuchita, khonsolo ilibe chifukwa choilekerera, kaya mwini wake ndi ndani.

Lamulo lake lilipo, ndipo amene analilemba sanalilembe mwa nkhanza. Kale tinali ndi Town and Country Planning Act ya 1988. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza Physical Planning Act pamodzi ndi malamulo ena okhudza malo. Mfundo imene yakhala ilipo m'malamulo onsewa ndi yakuti chofuna chilolezo si kuyala njerwa kokha ayi. Kusintha ntchito ya nyumba, kuchoka pogona anthu n'kukhala pochitira malonda, nakonso kumafuna chilolezo cha oona za mapulani a mzinda. Umalemba mafomu, umalipira, umadikira. Pamwamba pa zimenezo pali laisensi ya bizinesi, ndipo mowa uli ndi laisensi yakeyake. Kwa munthu amene akusandutsa nyumba yonse kukhala chipatala kapena malo ogona alendo, njira imeneyi ndi yoyenera ndithu. Koma kafunseni aliyense wa pa makomo 9 aja kuti malire ali pati. Makina amodzi aloledwa, nanga atatu? Nkhuku 20, nanga 200? Palibe angakuyankheni. Malire ake amakhala m'mutu mwa amene waima pageti tsiku limenelo.

Lilongwe ndiye chitsanzo choonekeratu cha kumene maganizo amenewa anachokera. Bungwe la Capital City Development Corporation litakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, mzinda unagawidwa m'ma Area a manambala, aliyense ndi ntchito yake. Maofesi a boma ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, masitolo ku Old Town ndi ku City Centre, anthu azikagona kwina n'kumakwera basi m'mawa. Likulu linachoka ku Zomba mu 1975. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mu Lilongwe, pamene wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Blantyre, ndi mafakitale ake a ku Makata ndi ku Chirimba, inali ndi anthu pafupifupi 800,000 chaka chomwecho. Anthu a mu Lilongwe anachuluka kakhumi, koma ntchito za malipiro a pamwezi sizinachuluke choncho. Mapu aja anajambulidwa poganizira bambo wonyamula chikwama m'mawa kupita ku ofesi. Ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Ndirande, ku Bangwe, ofesi ya anthu ambiri ndi khonde.

Tisaiwalenso kuti anthu omwewa tinawathamangitsapo kale. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu pa ntchito ija inkatchedwa Operation Dongosolo. Misewu inayera, zoona, koma misika sinakwane onse. Ena anabwereranso mumsewu, ena anasenza malonda awo kupita nawo kunyumba. Kenako kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo geni ya pakhomo inasiya kukhala ya osowa ntchito okha. Lero kalaliki, nesi, mphunzitsi, aliyense ali ndi kena kake: mafirizesi m'filiji, belo la kaunjika lojambulidwa n'kuikidwa pa WhatsApp, makeke a ukwati. Munthu tamuletsa mumsewu, kumsika malo kulibe, pakhomo pake tikumuletsanso. Ndiye tikufuna akaime pati?

Ndipo tikanena za geni ya pakhomo, kwenikweni tikunena za amayi. Bambo akhoza kusiya mwana m'manja mwa wina n'kupita ku Limbe tsiku lonse. Mayi wa mwana woyamwa, kapena wosamalira gogo wodwala sitiroko, sangathe. Pakhonde iye amasoka, amayamwitsa, amatembenuza wodwala, amalandira ana akaweruka, zonse pa malo amodzi. Mpamba wake wakopa ku banki mkhonde, mwina sukwana n'komwe lendi ya mwezi umodzi ya kashopu ka kumsika, osanena za thiransipoti yopita ndi kubwera. Kumuuza kuti akachite malonda ku malo oyenera ndi chimodzimodzi kumuuza kuti asiye.

Lamulo limene aliyense akuliphwanya limabala chinthu choipa kuposa kusowa lamulo. Popeza wogwira ntchito sangatseke makomo onse, amasankha. Ndipo posankhapo ndi pamene pamalowa ya fanta, pamalowa chibale, pamalowa mantha. Mayi wa makina amodzi ndi wosavuta kumuopseza, chifukwa sadziwa loya, sadziwa khansala, sadziwa ngakhale ndime ya lamulo imene akumunena nayo. Mwini bala amadziwa kolowera. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sindikunena kuti onse a m'maofesi ndi a ziphuphu. Ambiri akugwira ntchito ndi galimoto imodzi yopanda mafuta. Ndikunena kuti tawapatsa lamulo lopanda malire omveka, ndipo lamulo lotero limakhota lokha kupita kwa wofooka.

Tsono ndisaoneke ngati sindimva kulira kwa mbali inayo, chifukwa inenso ndagonapo tulo ta maso. Munthu amene wamanga nyumba yake ndi thukuta la zaka 20 ali ndi ufulu wogona usiku. Amene wakhalapo pafupi ndi owotcherera zitsulo amadziwa kulira kwa galainda, kuthetheka kwa moto kumene ana amakuyang'anitsitsa mpaka maso kufiira, magetsi akuphethira nyumba zonse makina akayaka. Chigayo chimagwedeza khoma ndipo fumbi lake limakhala pa zovala zoyanika. Opopera magalimoto penti amadzaza mpweya ndi fungo limene wa mphumu sangalipirire. Mafuta a galimoto akasowa, ena amasunga petulo m'zigubu kuchipinda, khoma limodzi ndi mbaula ya aneba. Nkhuku 500 pa ploti yaing'ono nthawi ya dzinja ndi ntchentche m'mbale za msewu wonse. Ndipo tinene mosapsatira kuti mapemphero a usiku wonse a masipika pakati pa nyumba za anthu amasowetsa tulo ngati bala yomwe, ngakhale cholinga chake ndi china. Zonsezi ziletsedwe m'malo ogona anthu, ndipo ziletsedwe zenizeni. Mfundo yanga ndi yakuti khonsolo idzakhala ndi mphamvu ndi nthawi yolimbana nazo pokhapokha itasiya kutaya mphamvuzo pa makina osokera.

Ena amati nanga ukhondo? Funso labwino. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chakudya chophikidwa pa malo auve si nkhani yoseweretsa. Koma taganizani amene ali woopsa kwambiri. Mayi wa mandasi amene khonsolo ikumudziwa, amene wa zaumoyo angamuyendere n'kumuonetsa kovundikira beseni ndi kosambira m'manja, kapena mayi amene amazimitsa mbaula n'kubisa beseni pansi pa bedi akangomva kuti a ku ofesi alowa m'dera? Wobisala sungamuphunzitse. Kuletsa sikuchotsa mandasi mumsewu. Kumangowachotsa pamaso pa wa zaumoyo.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo sichikambidwa mokwanira. Yendani ku Area 47, ku Area 10, ku Area 43, kapena ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe, muwerenge zikwangwani pamageti. Maofesi a mabungwe, malo ogona alendo, zipatala zapulaiveti, sukulu za mkaka, malo odyera. Nyumba zimenezi zinamangidwa kuti muzigona mabanja, ndipo lero usiku mumagona mlonda yekha pageti. Landilodi aliyense waona kuti bungwe limalipira kuposa banja, ndiye banja limapatsidwa notisi. Banja limenelo limasamukira ku Area 25 kapena ku Area 49 n'kukweza lendi kumeneko, ndipo amene anali kumeneko amakankhidwira kunja kwa mzinda. Uku ndiye kusintha ntchito ya nyumba kwenikweni, kumene lamulo linalembedwera. Atelala aneba anga sanachotse nyumba ngakhale imodzi pa msika wa lendi. Amagona momwemo, ana awo amagona momwemo. Kwa ine muyeso woyamba ukhale umenewu: kodi pakhomopo padakali pakhomo? Kodi mwini geniyo amadzuka ndi kugona pomwepo?

Muyeso umenewu si wachilendo. Ku Britain, kumene tinatengera kalembedwe ka malamulo athu a mapulani, munthu wogwirira ntchito kunyumba kawirikawiri safunikira chilolezo cha mapulani malinga nyumbayo ikadali nyumba yogonamo, ndipo sikubweretsa phokoso, fungo kapena magalimoto osautsa ena. Abale athu okhala ku Cape Town amadziwa kuti malamulo a mzinda umenewo amazindikira ntchito za pakhomo ndi timasitolo ta pakhomo totchedwa spaza, n'kuziikira mfundo monga kukula kwa malo ogwiritsidwa ntchito ndi kuti mwini wake azikhala pomwepo. Sikuti kumeneko zonse zili bwino. Koma munthu akhoza kuwerenga n'kudziwa ngati ali mkati kapena kunja kwa lamulo.

Anzathu a mumsika nawo ali ndi dandaulo lomveka. Iwo amadula tikiti tsiku ndi tsiku, amalipira benchi, amanyowa ndi mvula, pamene wa okala wa mumsewu mwathu salipira kalikonse koma akuwalanda makasitomala. Ndikuwamvetsa. Yankho lake ndi lakuti wa pakhomo nayenso azilipira, pang'ono, mogwirizana ndi msinkhu wa geni yake. Ndacheza ndi aneba anga pa nkhaniyi, ndipo palibe amene anakana kulipira. Chimene amakana ndi kuyenda maulendo anayi ku ofesi, kutaya masiku anayi a malonda, n'kubwerako ndi mawu akuti abwana atuluka.

Chimene ndikupempha makhonsolo athu n'chosavuta kulemba. M'malamulo aang'ono a mzinda, amene khonsolo ili ndi mphamvu yowakonza pansi pa Local Government Act ya 1998, muikidwe gulu la geni zololedwa pakhomo popanda kupempha kusintha ntchito ya nyumba. Kusoka, kuluka ndi kumeta tsitsi, okala, kuphika zogulitsa, kuphunzitsa ana ochepa, kukonza foni, ntchito za pakompyuta. Wochita zimenezi angolembetsa ku ofesi ya wodi, alipire kangachepe kamodzi pachaka kudzera pafoni, alandire kapepala koti apachike pakhoma. Mfundo zake zikwane pa tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka: mwini wake azikhala pomwepo, gawo lalikulu la nyumba likhalebe logonamo, antchito asapitirire awiri kapena atatu, usiku pasakhale phokoso, zinyalala ndi madzi oipa zisatuluke pampanda. Ndalama yolipira pafoni imasiya umboni, ndipo pageti sipatsalanso chokambirana.

Zapakatikati, monga kalipentala wa zida za m'manja, sukulu ya mkaka kapena khola lalikulupo, zikhale ndi chilolezo chimene aneba afunsidwapo maganizo. Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa ndimawadziwa makhalidwe athu. Nsanje ilipo. Alipo aneba amene angakane geni ya mnzawo chifukwa anakangana pa nkhani ya mtengo wa mango wa m'malire, kapena chifukwa mnzawoyo wagula filiji iwo asanagule. Choncho mneba asakhale ndi mphamvu yongoti sindikufuna. Atchule chimene chikumupweteka, kaya ndi phokoso, utsi, fungo kapena njira yotsekedwa, ndipo wa khonsolo pamodzi ndi abuloko lida akaone ndi maso awo. Chikapezeka, mwini geni apatsidwe masiku oti akonze asanatsekeredwe.

Ndikudziwa kuti ena akuti, mukalola okala mawa idzasanduka bala, monga zinachitikira kumapeto kwa msewu wanu. Koma bala ija inakula pansi pa lamulo lomwe lilipoli, loletsa zonse. Inakula chifukwa panalibe kaundula wosonyeza kuti pamalo paja panalembetsedwa golosale, ndipo panalibe tsiku limene wina akanabwera kudzafananiza zolembedwa ndi zooneka. Kapepala ka chaka ndi chaka kamapereka tsiku limenelo. Mipando ndi masipika zikaoneka pamene panalembedwa sopo ndi shuga, kapepala kalandidwe. Ndipo m'madera atsopano amene akugawidwa maploti, oona za mapulani asiyiretu malo m'mbali mwa misewu ikuluikulu ndi m'makona kuti owotcherera, a zigayo ndi a magalaji akhale ndi kopita kufupi ndi makasitomala awo. Kuuza wowotcherera wa ku Area 23 kuti apite ku Kanengo n'kumuuza zosatheka.

Makhansala amene tinawasankha mu Seputembala 2025 safunikira ndalama za mayiko akunja kuti ayambe zimenezi. Ambiri a iwo anakulira m'nyumba zimene fizi inkachokera pa chiwaya kapena pa makina osokera, ndipo pa kampeni anadya mandasi a m'misewu yomweyi. Ayambe ndi wodi imodzi. Ayende khomo ndi khomo ndi kope, alembe geni zimene zilipo, afunse aneba kuti ndi ziti zimene zimawasautsa. Ndikhulupirira adzapeza zimene ndinapeza ine mumsewu mwathu, kuti pa makomo 9 a geni palibe limene anthu amalidandaula, koma onse adzaloza nyumba imodzi ya kumapeto.

Atelala aja anabweza makina awo pakhonde, chifukwa kuchipinda maso anayamba kuwawa. Chikwangwani sanachibwezeretse. Chili kuseri kwa chitseko, chayang'ana kukhoma. Sabata yatha ndinawapititsira buluku loti apinde, ndipo tili mkati mocheza galimoto yoyera inaima pamsewu. Phazi lawo linaima pa chopalasira, maso ali kugeti, mpaka anaona kuti ndi mlendo wofunsa njira. Atapuma anandifunsa kuti, "Achimwene, inu mumalemba m'manyuzi, tandiuzani. Kodi pepala loti ndizisoka mwaufulu limagulidwa kuti? Ndalama yake ndikhoza kusonkha." Bulukulo anandiuza kuti ndikalitenge Lachinayi.